Ikugwira Ntchito Bwinobwino

Pa chithunzi inkaoneka yaulemu wake,
ampulifaya yakuda ya mababu anayi,
ngodya zitaperepeseka ngati zigongono za jekete lakale.
Pansi pake mawu atatu:
"Ikugwira ntchito bwinobwino."
Wogulitsa anali Evaristo,
kapena ndilo dzina limene anavala tsiku limenelo.

Ndinatumiza theka la ndalama Lachiwiri.
Lachitatu amayi ake anagonekedwa m'chipatala ku Quilpué.
Lachisanu basi inamusiya.
Ndinamaliza kulipira, pomvera chisoni amayiwo,
ndipo foni yake inasanduka chitsime chakuya:
uponyamo mwala, sumva n'chubwi yemwe.

Inafika ndithu, patatha milungu itatu,
m'katoni ya mafuta ophikira,
itafunda nyuzipepala za chaka chatha.
Chikepe cha pa Cerro Cordillera chinali chitafanso,
choncho ndinaisenza ndekha pa masitepe,
ndikupumira pa khomo lililonse la eni ake.
Nditailumikiza ku magetsi inatsokomola kawiri,
inanunkha tsitsi lopserera,
n'kukhala duu.
M'kati ndinapezamo babu losweka,
mazira a mphemvu,
ndi kandalama kachitsulo ka mapeso khumi.
Kubwezeredwa kwanga kunathera pomwepo.

Koma ogula nawonso, abale inu.
Nditaika gitala yanga ya besi pa malonda
kuti ndikwirire dzenje limene Evaristo anakumba,
anatera ngati ntchentche pa chilonda.
"Ilipobe?"
Ilipo.
Zii.
"Ilipobe?"
Ilipo.
Zii.
Wina anati tisinthane ndi njinga yopanda tcheni,
awonjezerapo kagalu kamene "sikaluma kwenikweni."
Wina anatumiza chithunzi cha lisiti ya kubanki
yokongola kuposa yeniyeni,
dzina langa atalilemba mopotoka.

Fresia anandiimika maola awiri pa Plaza Echaurren,
mphepo ya kudoko ikundisecha m'malaya,
nkhunda zikuzungulira chikwama cha gitala
ngati nazonso zikufuna kunenerera.
Kenako foni inanjenjemera:
"Pepani, mwamuna wanga wakana."

Mnyamata wina anafika mpaka kunyumba.
Anaiimba mphindi makumi anayi, maso ali chitsinzinire,
ndipo amaitha, chilungamo chake.
Anamwa tiyi wanga, anamaliza buledi,
pakhomo n'kunena kuti,
"Ndimangofuna kumva mmene imalirira."

Don Leopoldo, wokonza mawailesi kuseri kwa msika,
anasuzumira m'mimba mwa ampulifaya ija ndi tochi pakamwa.
Analavula tochiyo n'kuseka.
"Iyi ndikuidziwa. Yabwera pano katatu,
nthawi iliyonse ndi mwini watsopano,
nthawi iliyonse nkhope ngati yakoyi."
Anati kuikonza n'kodula kuposa kuiiwala.
Anati usamalipire chimene sunachimve kulira,
ndipo munthu wofulumira kukutcha m'bale
umuwerengere zala mukagwirana chanza.

Tsopano ndi usiku.
Sitima zapadoko zayatsa nyali,
mphaka wagona pamwamba pa ampulifaya,
ntchito yokhayo imene ikuitha.
Lendi ikufunika Lolemba.
Ndaipukuta ndi mafuta, ndaijambula cha kumene kukuchokera kuwala,
ndipo pa chithunzi, Mulungu andikhululukire,
ikuoneka yaulemu wake.

Chala changa chalemba chokha: "Ikugwira"
n'kuima.
Mawu enawo foni ikundipatsa yokha,
yawazolowera.
Kwinakwake m'mapiri a mzinda uno
kuli wina amene wasunga ndalama m'chitini cha khofi,
amene angaisenze pa masitepe ake
akuimba kale mumtima.
Evaristo nayenso mwina anakhala chonchi,
chala m'mwamba, lendi pakhosi.

Ndafufuta.
Ndalemba kuti: "Yakufa.
Imatsokomola, imanunkha, babu limodzi n'losweka.
Mphemvu ndachotsa.
Mtengo ndi uliwonse umene sukuchititsani manyazi."

Ndazimitsa nyali.
Pasanathe mphindi zisanu foni yawala pa tebulo.

"Ilipobe?"